Mitengo ya mapulojekiti imathera kuti? Ndalama za othandiza ndi mapiri ozungulira Mzuzu

Chaka chilichonse pa 15 Disembala dziko lino limatsegulira nyengo yobzala mitengo, ndipo nyengoyo imatsekedwa pa 15 Epulo. M'miyezi inayiyi boma, mabungwe, makampani, mipingo ndi sukulu amabzala mbande zomwe zikawonkhetsedwa zimafika mamiliyoni makumi angapo. Mwambowu si wa dzulo ayi. Unayamba ngati tsiku limodzi m'zaka za m'ma 1970, n'kumakulitsidwa mpaka kukhala nyengo yathunthu. Choncho munthu wokwera basi kuchokera ku Mzimba kubwera kuno ku Mzuzu, akamaona zitsa ndi tchire pomwe kale pankachita mdima ndi paini wa Chikangawa, salakwa kufunsa kuti kodi mitengo yonse timabzala ija ili kuti. Funso lomweli limakufikira ukaima ku Masasa kapena ku Mchengautuwa n'kuponya maso pa zitunda zozungulira mzindawu.

Mayankho omwe timamva kawirikawiri ndi awiri. Ena amati anthu akumudzi ndi osamva, ena amati ndalama za othandiza zimathera m'matumba mwa mabwana. Zonsezi zimachitikadi penapake. Koma sizitiuza chifukwa chimene ngakhale pulojekiti yoyendetsedwa ndi anthu okhulupirika, m'mudzi wa anthu olimbikira ntchito, imatha kusiya phiri likadali ladazi. Vuto lalikulu lili m'kapangidwe ka ntchitoyo. Pulojekiti imakhala zaka zitatu kapena zisanu, ndipo chomwe imawerenga ndi mbande zomwe zalowa m'dothi. Mtengo umafuna zaka makumi awiri, komanso munthu amene akudziwa mumtima mwake kuti ndi wake.

Njira yomwe ndalama imadzera

Wopereka thandizo, kaya ndi boma lakunja, European Union kapena World Bank, amayamba wagwirizana ndi boma lathu pa cholinga chachikulu. Mu 2017 Malawi anakhazikitsa ndondomeko yobwezeretsa nkhalango ndi malo oguga, ndipo lonjezo lake ndi kukonzanso mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, pansi pa mgwirizano wa maiko a mu Africa wotchedwa AFR100. Malonjezo oterewa ndiwo amakoka ndalama. Komatu ndalamayo sichoka ku Brussels kapena ku Washington n'kudzatera m'manja mwa komiti ya m'mudzi. Nthawi zambiri imadzera ku kampani kapena bungwe lalikulu lakunja lomwe lapata kontirakiti, ilo n'kugawirako mabungwe a m'dziko muno, iwo n'kumagwira ntchito ndi ofesi ya zankhalango ya pa boma, alangizi ndi mafumu, mpaka kukafika ku komiti yoyang'anira zachilengedwe ya m'mudzi, ija ambiri amangoti VNRMC. Ndalama za World Bank zambiri zimadzera m'maunduna ndi m'makhonsolo, ndipo zina mwa izo ndi ngongole yomwe dziko lidzabweze.

Paliponse pomwe ndalama yadutsa pamatsala kanthu, ndipo si konse komwe kuli kuba. Malipiro a antchito, galimoto, mafuta, lendi ya ofesi, maphunziro, zonsezi zimafunikadi. Mlangizi wopanda mafuta m'njinga yamoto sangakafike ku Uzumara. Chomwe ambiri sitichiona n'chakuti nthawi nayonso imadyeka m'njiramo. Chaka choyamba chimatha ndi kulemba anthu ntchito, kugula zipangizo, kafukufuku woyambirira ndi misonkhano yodziwitsa akukhonsolo ndi mafumu. Chaka chomaliza chimapita ndi malipoti ndi kutseka maakaunti. Pulojekiti ya zaka zisanu imatsala ndi madzinja atatu enieni ogwirira ntchito, ya zaka zitatu mwina limodzi kapena awiri.

Pamwamba pa izi, wopereka ndalamayo naye ali ndi omufunsa kwawo, aphungu ndi anthu okhoma misonkho. Amafuna zinthu zowerengeka: mbande zofesedwa, mbande zobzalidwa, anthu ophunzitsidwa, makomiti okhazikitsidwa, mbaula zogawidwa. Zonsezi zimatheka kuwerenga lipoti lisanatumizidwe. Koma chiwerengero cha mitengo yomwe ikadali moyo patapita zaka zisanu sichingalowe mu lipoti la pulojekiti yomwe inatsekedwa kale, ndipo kawirikawiri palibe amene anapatsidwa ndalama yokwerera phirilo kukawerenga. Wantchito aliyense amathamangira chomwe bwana wake adzamufunse. Akamafunsidwa za mbande zobzalidwa, mbande zidzabzalidwadi zambirimbiri.

Kuchokera pa nazale kukafika pa moto wa Okutobala

Kuti tione chomwe chimatayika, tiyeni tifike pa ntchito yeniyeniyo. Nazale ya paini iyenera kuyamba msanga, poti mbande yake imatenga miyezi yambiri isanafike pobzalika, kusiyana ndi bulugamu kapena kesha zomwe zimafulumira. Amayi amakatuta dothi, kulisefa, kulisakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana, n'kumathira m'machubu chimodzichimodzi. Odziwa ntchitoyi amakatapako dothi la pansi pa paini wakale n'kusakanizamo, chifukwa muli mtundu wa bowa wosaoneka ndi maso womwe umakhala pamizu n'kumathandiza mtengo kuyamwa chakudya. Ukasowa bowayo mbande zimachita chikasu n'kupinimbira. Ndiye pali kuthirira m'mawa ndi madzulo m'miyezi yomwe madzi amavuta, kuzula udzu m'machubu, kusuntha machubuwo pafupipafupi kuti mizu isaboole n'kulowa pansi, ndipo mvula ikayandikira, kuchepetsa madzi ndi kuchotsa mthunzi kuti mbande zikhwime. Tsono ndalama ikachedwa kutuluka ku likulu, machubu n'kufika mu Okutobala, mbande zimakwera kuphiri zili zanthete, apo ayi zimabzalidwa mu Malichi mvula ikupita kumapeto. Kuno kumapiri a kumpoto mvula imachedwerako kusiya, zaka zina mpaka Epulo kapena Meyi, ndiye timapulumukirako. Komabe mbande yobzalidwa mochedwa imalowa m'chilimwe mizu isanazame.

Ukabzala motalikanitsa mamita atatu mbali zonse, hekitala imodzi imadya mbande pafupifupi 1,100. Dzenje lililonse likumbidwe, mbande iliyonse isenzedwe pamutu kapena m'beseni kukwera chitunda, chubu ching'ambidwe, dothi litsenderedwe. Patsiku la mwambo, pomwe pali alendo, magule ndi atolankhani, zina mwa izi zimachitika mothamanga, moti si zachilendo kupeza mbande yokwiriridwa ndi chubu chake chomwe. Komabe kubzala ndiko kosavuta pa ntchito yonseyi.

Chovuta chimayamba alendo akapita. Mtengo waung'ono ufunika kuupalira kawiri kapena katatu m'dzinja lomwelo, ndipo nthawi yake ndi yomwe banja likulimbana ndi udzu m'munda wa chimanga, nkhokwe zitapepuka, ena akuyenda maganyu. Zakufa zifunika kubwezeretsa. Chiswe chimakonda bulugamu wanthete. Anthu akangokolola, ng'ombe ndi mbuzi zimatayiriridwa. Kenako pamabwera mdani wamkulu, moto. Malire otchinga moto ayenera kulambulidwa udzu usanaumitsitse, cha mu Juni kapena Julayi, ndipo pena pamafunika kutentha msanga udzu ukadali ndi chinyezi kuti moto wam'tsogolo usadzapeze chakudya. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba pafunika anthu olondera ndi okonzeka kuthamanga ndi masamba aawisi ndi makasu utsi ukangooneka. Moto umachokera kwa osaka mbewa ndi nyama, ofula njuchi, otentha maphesi m'munda, nthawi zina kwa munthu wokwiya chabe. Paini wamng'ono sapirira moto m'pang'ono pomwe, ndipo masana amodzi a mphepo ya mu Okutobala amakwanira kumaliza ntchito ya zaka zitatu.

Mukayang'ana mmene mapulojekiti ambiri amagawira mphamvu zawo, mupeza kuti zimaunjikana pa nazale ndi pa kubzala. Miyezi ya moto imapatsidwa zotsalira. Kwa ine apa ndi pomwe mitengo yambiri imafera, ndipo zimandipweteka chifukwa mankhwala ake si odula: zikwanje, makasu, nsapato za olondera ndi kamalipiro ka miyezi inayi.

Nkhani ya malipiro nayo ili ndi msampha wake. Kudzera m'ntchito za mthandizi ndi zina zotero, anthu amalandira ndalama pokumba mayenje, pokonza akalozera kapena pobzala vetiva m'zigwembe. Sinditsutsa zimenezi, chifukwa munthu wanjala sangalondere nkhalango ulele. Koma ukalipira munthu pa dzenje, dzenje ndilo limakhala ntchito yake, ndipo malipiro akatha ubale wake ndi mtengowo umathanso. Anthu amafika pomanena kuti "mitengo ya bungwe" kapena "nkhalango ya pulojekiti". Mabungwe ena ayamba kulipira potengera mitengo yomwe yapezeka yamoyo patatha chaka kapena zaka ziwiri. Njirayi ndi yovuta kuyendetsa, poti pafunika owerenga achilungamo, koma imasunthira maso a aliyense pa chinthu choyenera.

Zomwe Chikangawa inationetsa

Sitifunika kupita kutali kuti tione kuti kubzala pakokha sikusunga nkhalango. Nkhalango ya Viphya, yomwe timangoitcha Chikangawa, ndi ya mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo inali m'gulu la nkhalango zobzalidwa zikuluzikulu mu Africa. Kubzala kwakukulu kunayamba mu 1964 ndi cholinga chodzadyetsa fakitale yopanga zopangira mapepala yomwe imayenera kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inakula, n'kukhwima, ikudikira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Raiply inapatsidwa mahekitala 20,000 pa mgwirizano wa nthawi yaitali, ndipo m'zaka zotsatira mbali yotsalayo inadzaza ndi ocheka matabwa a ziphaso zazifupi. Malole a matabwa ankangondondozana, ena kulowera ku Lilongwe, ena kukatulukira ku Songwe. Kudula kunathamanga kuposa kubzala, moto n'kumalizitsa zotsala.

Wocheka wa chiphaso cha miyezi yochepa sanali munthu woipa kuposa ena. Analibe chifukwa chobzalira mtengo womwe udzachekedwe patapita zaka 20 kapena kuposerapo, pa malo omwe sakudziwa ngati adzaloledwa kubwererapo. Amene ali ndi mgwirizano wautali ndiye amakhala ndi chifukwa chosungira nazale ndi gulu lozimitsa moto. Sindikunena kuti kupereka nkhalango ku makampani aakulu ndiye yankho la zonse. Mikangano pakati pa eni migwirizano yotere ndi ocheka achimalawi yakhala ikumveka kwa zaka zambiri, ndipo madandaulo a ochekawo ali ndi pogwira. Mfundo yanga ndi yakuti mtengo umasamalidwa ndi amene akutsimikiza kuti adzadya phindu lake.

Ndiwonjezepo kanthu kena komwe kamaiwalika. Paini ndi mbewu yamalonda, si nkhalango yachilengedwe. Mbali yaikulu ya pamwamba pa Viphya ndi pa Nyika ndi malo a udzu mwachibadwa, okhala ndi timagulu ta nkhalango zobiriwira m'makwawa, ndipo udzuwo uli ndi maluwa, mbalame ndi ntchito yake yosunga madzi. Si malo onse opanda mitengo omwe ali oguga. Ku Mulanje anachita kuwononga ndalama zambiri pozula paini yemwe anafalikira yekha n'kumalanda malo a mkungudza. Ndipo paini kapena bulugamu ukamubzala mothithikana pa gwero la mtsinje, amamwa madzi ambiri, moti mtsinjewo umachepa m'chilimwe. Damu la Lunyangwa, lomwe ambiri a ife timamwa madzi ake, likufuna nkhalango yachilengedwe ya Kaning'ina ikhale yamoyo. M'mbali mwa mitsinje muyenera katope, mkuyu, mbawa ndi nsungwi. Pulojekiti yomwe ikuthamangira chiwerengero imakopeka ndi mitundu yosavuta kufesa, ngakhale pamalo pomwe siyenera.

Mtengowu ndi wa yani?

Mitengo ya m'mapiri athu ili pa malo a mitundu itatu: nkhalango zotetezedwa za boma, nkhalango za m'midzi zomwe zili pansi pa mafumu, ndi minda ya anthu paokha. Kwa zaka zambiri nkhalango ya boma inali ya alonda, munthu wamba akalowamo ankalowa ngati wakuba. Lamulo la zankhalango la 1997 linasintha zimenezi potsegula khomo loti midzi iziyang'anira nkhalango limodzi ndi boma. Kuyesera koyamba kunachitika ku Chimaliro, kumalire a Kasungu ndi Mzimba, ndi ku Liwonde. Kenako kuyambira 2006 pulogalamu yothandizidwa ndi European Union inafalitsa njirayi ku nkhalango zambiri, kuphatikizapo Mtangatanga ndi Perekezi ku Mzimba, Uzumara ku Rumphi, Mkuwazi ku Nkhata Bay ndi nkhalango za ku mapiri a Misuku ku Chitipa. Nkhalango inkagawidwa m'mabuloko, buloko iliyonse n'kukhala ndi komiti, ndondomeko yoyendetsera ndi mgwirizano wosainirana ndi boma. Pa ndalama zolowa kuchokera ku ziphaso, 60 peresenti inali ya mudzi, 30 ya boma, ndipo 10 ya bodi yoyang'anira nkhalango ya m'deralo.

Ganizoli linali labwino, ndipo sindifuna kulinyoza. Mayi amene kale ankathawa mlonda anayamba kutola nkhuni zouma, kuzula bowa ndi kumweta udzu poyera. Ming'oma ya njuchi inapachikidwa, ndipo mwini ming'oma safuna moto kapena nkhwangwa pafupi. Koma nkhalango yomwe yadulidwa kale mitengo yaikulu siibweretsa ndalama zambiri, ndiye gawo la mudzi lija limakhala laling'ono poyerekeza ndi thukuta lolondera. Komiti imatha kugwira mnyamata wa m'mudzi momwemo ali ndi nkhwangwa, koma ilibe mphamvu pa lole yobwera usiku, yotumidwa ndi munthu wa ndalama wa m'tauni. Ndipo pulojekiti ikatha, mlangizi amasowa mafuta, misonkhano imazilala, mabuku a ndalama amasiya kulembedwa. Perekezi, mwachitsanzo, yalandirapo mapulogalamu atatu motsatizana: ya European Union ija, ya PERFORM ya USAID kuyambira 2014 mpaka 2019, kenako ya Modern Cooking for Healthy Forests yomwe inayamba mu 2019 n'kufikanso ku Kaning'ina ndi Bunganya. Izi sizitanthauza kuti zonse zinalephera. Zikungosonyeza kuti ntchitoyi ndi yaitali kuposa moyo wa pulojekiti iliyonse, ndipo m'mipata ya pakati pa pulojekiti ndi inzake ndi momwe zambiri zimagumukira.

Tsono taonani mitengo yomwe palibe anailipirira alawansi. Nkhalango za kumanda zaima chiimire m'midzi yomwe zitunda zake zinayera kalekale, chifukwa aliyense amadziwa mwini wake ndi malamulo ake. Alimi a khofi ku Misuku ndi ku Phoka amasunga mitengo ya mthunzi m'minda mwawo poti khofi amaifuna. Ndipo chiyambire kusowa kwa matabwa a Chikangawa, anthu ambiri cha ku Lusangazi ndi m'zitunda zina zozungulira Mzuzu abzala paini pa malo awo ndi ndalama zawo. Pitani mu Julayi mukaone: malire a moto olambulidwa bwino, nthambi zitasadzidwa, mwini wake akudziwa chaka chomwe adzapatulire. Palibe anachita kumuitanira ku semina.

Pali mbali ina ya umwini yomwe imakhudza amayi. Kuno kumpoto, pakati pa Atumbuka ndi Angoni, malo amatsata kuchimuna. Mayi ndiye amapezeka pa nazale m'mawa uliwonse ndi khasu ndi ndowa, dzina lake ndilo limadzaza mndandanda wa opezeka pa msonkhano, koma munda wa mitengowo ndi wa bambo kapena wa banja la bambo. Banja likatha kapena bambo akamwalira, amatha kuchoka osatengapo ndi thabwa limodzi lomwe. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo, ngakhale m'maina a anthu awiri. Pulojekiti yomwe ikufunadi kuti amayi apindule iyenera kukhala pansi ndi mafumu ndi mabanja kukambirana zimenezi mbande isanafesedwe, osati kungowerenga kuti pa maphunziro panabwera amayi angati.

Makala

Nkhani yonseyi singamveke tikasiya kutchula ife a m'tauni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 221,272 mu Mzuzu, ndipo chiwerengerochi chakwera kuchokera pamenepo. M'dziko lonse, mabanja oposa 97 pa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Imani m'mbali mwa msewu uliwonse wolowa mumzinda m'bandakucha, muona njinga zikutsika ndi matumba osanjikizana mpaka kupitirira mutu wa mwini wake, iye akukankha pachitunda thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira. Mu uvuni wadothi, kilogalamu imodzi ya makala imadya nkhuni zolemera makilogalamu 7 mpaka 10, ndipo wogula amafuna makala olemera a mombo, tsamba kapena muwanga, osati a paini opsa msanga. Choncho pulojekiti ikhoza kubzala paini ndi kesha mbali ino ya phiri, mbali inayo nkhalango yachilengedwe ikutha, ndipo ziwirizi sizilowana m'malo.

Wootcha makala amadziwa bwino kuti nkhalango ikutha, poti chaka ndi chaka mtunda wokafika pa mtengo waukulu ukutalika. Koma fizi ya mwana ikufunika sabata ino, ndipo akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Malamulo alipo: kuotcha makala popanda chiphaso n'koletsedwa, ndipo lamulo litakonzedwanso mu 2020 zilango zinakwera kwambiri. Asilikali anatumizidwapo kukalondera nkhalango zina, monga Dzalanyama. Koma bola mbaula za ku Chibavi, Chiputula ndi Zolozolo zikufuna makala madzulo alionse, wina adzaotcha ndithu. N'chifukwa chake ndimaona kuti mapulojekiti omwe anatembenukira ku khitchini ya m'tauni anaona patali. Ndondomeko ya dziko ya makala ya 2017 inavomereza poyera kuti makala sangathe ndi kuletsa kokha. Pafunika gasi, magetsi odalirika, mbaula zosawononga ndi makala ololedwa ochokera ku mitengo yobzalidwa. Kampani ya Kawandama Hills, konkuno ku Viphya, ndi imene inayamba kulandira chiphaso chotere mu 2015. Chopinga n'chakuti makala ololedwa amalipira msonkho ndi ndalama yobzalira, pomwe a m'tchire mtengo wake anautenga ulele, ndiye pamsika sapikisana mofanana.

Mphukira

Pali njira ina yomwe imagwirizana bwino ndi mapiri athu, yomwe kwa nthawi yaitali inkaonedwa ngati yosafunika. Mitengo ya m'tchire lathu, mombo, tsamba, msuku ndi inzake, ikadulidwa siifa. Chitsa ndi mizu zimakhala zamoyo pansi, ndipo mvula ikagwa zimatulutsa mphukira zambirimbiri. Chomwe chimazilepheretsa kukhala mitengo ndi moto wa chaka ndi chaka, ziweto ndi chikwanje. Mudzi ukagwirizana kutseka chitunda, kulambula malire, n'kumapatulira pa chitsa chilichonse kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, pakangopita zaka zochepa chitundacho chimabiriwira, ndipo zodulidwazo zimakhala nkhuni za pompopompo. Mphukira ili kale ndi mizu yozama, siifuna chubu kapena kuthirira, imapirira chilala ndi chiswe kuposa mbande ya ku nazale. Bowa ndi masuku zimabwereranso. Ku Niger, komwe njirayi inafalikira kuyambira m'zaka za m'ma 1980, alimi abwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Ndondomeko yathu ya 2017 ija inaiika m'gulu la njira zikuluzikulu, ndipo mabungwe angapo akuiphunzitsa. Kuchedwa kwake kufala kukuchokera pa zomwe tanena kale zija: palibe mbande zowerenga, palibe chogula chambiri, palibe tsiku la mwambo. Chomwe imafuna ndi mgwirizano wa mudzi, malamulo omwe mfumu ingawaimirire, ndi mlangizi wobwera kawirikawiri kwa zaka zingapo.

Pa malo otsetsereka kwambiri mitengo yokha sikwanira. Pafunika akalozera, vetiva, ngalande zogwira madzi ndi timadamu ta miyala m'zigwembe. Tinaona mu Epulo 2016 mvula itagwetsa nyumba zambiri muno mu Mzuzu, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche ku Blantyre. Mvula yoopsa chotero ikhoza kugumula ngakhale phiri la mitengo, koma chitunda chopanda mizu, chodzaza nyumba ndi minda, chimagonja msanga.

Mu 2025 boma la America linatseka USAID, ndipo ntchito zambiri m'dziko muno zinaima mwadzidzidzi. Othandiza ena nawonso akuchepetsa. M'malo mwake kukubwera ndalama za kaboni: makampani akunja amalipira kuti mitengo ikhalebe chiimire kapena ibzalidwe, chifukwa imayamwa mpweya womwe ukutenthetsa dziko, iwo n'kumawerengera zimenezo pa utsi wawo. Midzi yozungulira Nyika ndi Vwaza inalawako kale njirayi kudzera mu pulogalamu ya Kulera. Ubwino wake ndi wakuti ndalama imabwera pokhapokha mitengo ikapezeka yamoyo poyeza, ndipo migwirizano yake imakhala ya zaka 20, 30 kapena kuposa, zomwe zikufanana ndi moyo wa mtengo. Kuopsa kwake kuli pomwepo. Mfumu ikhoza kusainira chikalata cha Chingerezi chomanga malo a mudzi mpaka nthawi ya zidzukulu, anthu osadziwa kuti tani imodzi ya kaboniyo ikugulitsidwa zingati, apakati akutengapo zingati, ndiponso ngati adzaloledwabe kudula mlongoti womangira khola. Mudzi uliwonse womwe wafikiridwa ndi alendo otere uyenera kupempha chikalatacho m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, chiwerengedwe pabwalo amayi ndi achinyamata alipo, kope litsale kwa mlembi wa komiti, ndipo a ofesi ya zankhalango ya pa boma achione asanasaine aliyense. Afunsenso kuti moto ukadzatentha nkhalangoyo m'chaka chachisanu ndi chiwiri, adzaluze ndani.